Maselo a Kumanzere

Pa labu yonse ija yofufuzira za maselo a m'thupi panalibe ndi mmodzi yemwe womuitana ndi dzina lake. Ankangoti Wamanzere, iye n'kuvomera, nanga akanakana bwanji dzanja lili poyera. Ali mwana, mkulu wake ankamukwapula pa dzanjalo ndi lula yoyezera nsalu kuti aphunzire kudyera ndi kulembera lamanja ngati anzake, koma dzanja lija linali la liuma ngati mwini wake. Anakula nalo, analemba nalo mayeso onse mpaka kufika pa udokotala wa za maselo, ndipo chilichonse ankachiyambira kumanja n'kumabwera chakumanzere. Kuyanika zovala, kumanja. Kusanja mbale pa shelefu, kumanja. Kundandalika timachubu ta maselo m'bokosi, kumanja komweko, kuti dzanja lisamadutse pamwamba pa kachubu kotsegula n'kugwetseramo litsiro.

Mkulu wake uja anali telala, ndiye Wamanzere akafuna kumufotokozera za ntchito ankatengera zinthu za pa makina osokera.

"Achemwali, m'selo lililonse la m'thupi mwanumo muli ulusi wautali wotchedwa DNA, ndipo pa ulusiwo palembedwa malangizo onse a selolo. Ulusi ukangousiya umapiringizana, mukudziwa inu. Ndiye umakulungidwa pa timabobini, dzina lake mahistoni. Ulusi ndi timabobini take pamodzi timati kromatini. Pomwe pakulungidwa mothina selo siliwerengapo. Pomwe pamasuka limawerenga n'kuchita zomwe palembedwazo."

"Ndiye sukulu yonse ija unkaphunzira mabobini?" mkulu wakeyo ankatero, singano ili pakamwa. "Bwera udzakulunge angawa, ali mbwee pansipa."

Kabobini kalikonse kali ndi kamchira, ndipo pa kamchirapo selo limaika chidindo chouza ulusi kuti apa pakhale pothina. Wamanzere anatha zaka akulimbana kuti asinthe malo amodzi okha pa kamchirako. Maselo ankafa, iye n'kuyambiranso. Ankagwidwa nkhungu, iye n'kutaya, n'kuyambiranso. Anzake anamanga maukwati, ena anasintha ntchito, iye ali pa benchi yomweyo msana uli kho. Potsiriza anawapeza maselo ake. Powasintha anawaikiranso chitetezo ku poizoni winawake, monga amachitira onse a ntchitoyi: ukathira poizoniyo mu msuzi wofiira umene maselo amakuliramo, maselo wamba amafa, osinthidwa okha n'kutsala. Atawayeza anapeza kuti chidindo chija chazimiririka, ulusi wamasuka, ndipo maselo akungoswana osalekeza ngati a m'chotupa. Chinali chinthu chachikulu, ndipo chinali chake.

Nthawi imeneyo n'kuti ali woyembekezera, mimba itafika pomulepheretsa kuyandikira benchi. Asanapite kutchuthi anaumitsa maselo m'timachubu n'kutisanja m'bokosi la m'firiji yozizira kwambiri. Lamulo la pa labu linali lakuti maselo wamba ndiwo amayamba, osinthidwa n'kutsatira. Iye anasunga lamulolo, koma anayambira mbali yake: wamba kumanja, osinthidwa kumanzere. Pa timachubu analembapo, inde, koma wamanzere akamalemba dzanja limapukuta zomwe cholembera changosiya kumene, ndiye kuphatikiza spiriti ndi chisanu cha m'firiji, panangotsala timabala takuda. Iye sanade nkhawa. Bokosi linali lake ndipo ankadziwa pomwe chilichonse chili.

Tsono mkulu wa labuyo anali profesa, mwamuna wa telala uja, mkulu wake wa Wamanzere. Kunyumba ankamutcha alamu, kuntchito aprofesa. Anali bambo wa mawu aakulu ndi kamimba koyamba kulowa m'chipinda iye asanalowe, ndipo magolovesi anali atasiya kuvala kalekale. Ntchito yake inali misonkhano, maulendo ndi kujambulitsa atagwira chibwano. Alendo akabwera ankakonda kuloza Wamanzere n'kunena kuti, "Mtsikana uyu ndinamutola ndine." Kumutola kuti? Munthu anapikisana ndi chinamtindi cha anthu n'kupambana ndi mutu wake, wina n'kumati ndinamutola, ngati ndalama yogwa mumsewu!

Wamanzere anabwerera kuntchito mwana atayamba kuseka. M'mawa ankamusiya ku shopu ya mkulu wake, pakati pa nsalu ndi mabobini enieni, chifukwa bambo wa mwanayo ankagwira ntchito kutali ndipo ankabwera mwa apo ndi apo. Tsiku loyamba lomwelo anapeza msonkhano wa labu yonse, profesa ataima kutsogolo, chidebe cha ayezi chili patebulo, ndipo m'chidebemo muli bokosi lake.

"Pomwe ena anali kuyamwitsa, ena tinali kugwira ntchito," profesa anayamba motero, akumwetulira. "Ndinavala magolovesi ndekha. Ndinatenga timachubu mbali zonse ziwiri, sindinataye nthawi n'kuwadzutsa maselo, ndinangotulutsa mahistoni ali ouma choncho n'kuyeza. Taonani."

Pakhoma panaoneka chithunzi cha mizere. Mzere ukada, ndiye kuti chidindo chilipo chambiri. Ukayera, ndiye kuti chapita. Pansi pa mizere yotuwa mbuu panalembedwa kuti wamba. Pansi pa mizere yakuda bii panalembedwa kuti osinthidwa.

"Chidindo sichizimiririka ayi, chimachuluka," anatero profesa. "Dziko lonse limaganiza mwina, ife tapeza mwina. Zomwe anatiuza adokotala athuwa zinali zolakwika. Sindikuwanena, ndi m'bale wanga. Munthu wapakati maganizo amakhala pena. Komanso kadzanja kaja, tonse tikukadziwa."

Anthu anaseka, kuseka kwa anthu oopa bwana. Wamanzere sanaseke. Anangoyang'ana chithunzi kamodzi n'kudziwa chomwe chachitika. Mlamu wake anawerenga bokosi kuyambira kumanzere ngati akuwerenga nyuzi. Omwe ankawatcha wamba ndiwo anali maselo ake osinthidwa, ndipo omwe ankawatcha osinthidwa anali maselo wamba opezeka pa labu iliyonse. Chithunzicho chinkanena zomwe iye ananena kale, kungoti chinavala malaya mozondotsa.

Pakamwa anatsegula ndithu, tisamunamizire. "Aprofesa, bokosi lija..."

"Bokosi lija si lanunso, alamu." Profesa anachotsa timachubu ta kumanja n'kutiika m'kabokosi katsopano kolembedwa dzina lake ndi zilembo zikuluzikulu. "Awa akakhala m'firiji yanga, kiyi ali kwa ine. Pepala la zotsatirazi ndalemba kale, likupita kwa osindikiza sabata ino." Kenako anakankhira bokosi lakale kwa iye, timachubu ta kumanzere tili momwemo. "Awa ndi wamba. Tengani, muziphunzirira manja. Ndi anu, muchite nawo zomwe mukufuna. Nonse mwamva, mawa pasadzakhale woti ndinamulanda zonse."

Wamanzere anatseka pakamwa. Analandira bokosi ndi manja awiri, ulemu wonse, n'kunena kuti, "Zikomo aprofesa."

Anakaliika m'firiji, n'kulowa m'kachipinda kotsukira mabotolo, n'kutseka chitseko. Mkaka unatuluka wokha n'kunyowetsa bulauzi, ndipo zimenezo zinamupsetsa mtima koposa, ngati thupi lake lomwe likuvomereza chipongwe chija. Kumubera akanapirira mwina, akuluakulu a m'malabu amaba ndithu, si nkhani yachilendo. Koma kumubera n'kumutchanso wolakwa, pamaso pa anthu amene iye anawaphunzitsa kugwira kachubu! Anamuda mlamu wake tsiku limenelo, chidani chenicheni chofika m'mano. Anasamba kumaso, anavala gawuni yoyera kubisa bulauzi, n'kudziuza kuti mlandu suola.

Masana omwewo anadzutsa kachubu kamodzi ka kumanzere. Maselo atagwira pansi pa botolo n'kuyamba kuswana, anawathira msuzi wa poizoni. Mnzake wa pa benchi, bambo wofatsa amene onse ankamutcha Adazi chifukwa cha mutu wake, anaona botolo la poizoni n'kudzidzimuka.

"Adokotala, mwasokoneza. Awo ndi wamba, mukuwapha."

"Aprofesa anati ndichite nawo zomwe ndikufuna. Munamva inu."

"Koma mkwiyo wanu asaulipire maselo, sanalakwe kanthu."

"Akafa ndidzalira maliro ndekha, simudzasonkha."

Sanafe. Anadzaza botolo, iye n'kuwagawa, anadzazanso. M'mawa uliwonse ankawatulutsa m'chofungatira, kabati yofunda yomwe maselo amakuliramo, n'kuwayang'ana pa maikulosikopu, atayalana bwinobwino, onenepa, akumwa poizoni ngati tiyi. Adazi anaona zimenezo tsiku lina, anayang'ana botolo, anayang'ana Wamanzere, anakanda dazi lake, n'kubwerera pa mpando wake. Anali ndi ana kusukulu, ndipo za pa chilamu ankati n'zosalowerera.

Pepala linapita. Profesa ankayenda ngati wakwera pa mtambo. Kenako kunamveka kuti kubwera alendo a bungwe lomwe linkathandiza labuyo, pamodzi ndi akatswiri a mahistoni, kudzamva okha za chodabwitsachi. Makoma anapakidwa penti, mipando yothyoka inabisidwa, ndipo mkulu wa Wamanzere anayamba kusokera mwamuna wake suti yatsopano, n'kudzisokeranso diresi.

Madzulo ena, popita kukatenga mwana, Wamanzere anapeza profesa ataima pakati pa shopu manja ali tambasu, suti ili ndi mapini, mkazi wake atagwada akupinda miyendo ya buluku. Mwana anali pa nsalu pambali akuyamwa chala chake chaphazi. Mkulu wakeyo ankaoneka wosangalala kuposa mmene anakhalira pa zaka zambiri. Ankaimba chapansipansi. Mtima wa Wamanzere unafewa, chifukwa mayi ameneyu ndiye anamulera makolo atamwalira, ndiye anasoka mpaka maso kufiira kuti iye asasiye sukulu. Anaganiza kuti, ndingonena, zithere pompano m'banja, anthu akunja asamve. Mawu anali atafika pakhosi.

"Alamu, mwabwera bwino," anatero profesa. "Taonani chikwangwani cha tsikulo, chili patebulopo. Musati ndinakuiwalani."

Anachitambasula. Pamwamba panali dzina la profesa, lokha, lalikulu ngati la pa sitolo. Dzina lake analifufuza mpaka analipeza pansi penipeni, m'tizilembo tofuna magalasi: tikuthokoza uje chifukwa chokonza msuzi wa maselo.

"Msuzi," anatero Wamanzere.

"Nanga si mudzakonza ndinu wa tsikulo? Ndikufuna alendo adzaone maselo anga amoyo. Ndawadzutsa kale. Mundikonzere msuzi wake weniweni, wa poizoni, monga mwa lamulo. Kuthira ndithira ndekha, maselo amenewa sakhudza wina."

Wamanzere anatembenukira kwa mkulu wake. "Achemwali, mwaona pomwe pali dzina langa?"

Mkulu wakeyo sanadzutse mutu. "Iwe, dzina sadya. Likakhala la alamu ako ndiye kuti ndi la tonse, ndife banja limodzi. Ndipo alamu ako akuti iwe unalakwitsa, bola iwo akukubisira manyazi. Uzithokoza. Chibale ndi fupa, sichiola, usachiswe chifukwa cha zilembo."

"Ndamva, achemwali."

Anameza mawu aja, ndipo sanabwererenso pakhosi. Anabereka mwana, anatsanzika mwaulemu, n'kunena kuti suti ikukhala bwino kwambiri m'mapewamu.

Msuzi anaukonza mosamala kuposa msuzi wina uliwonse pa moyo wake. Anaitana Adazi kuti aime pambali pake poyeza poizoni, kuti aone kuti sanawonjezere ngakhale kadontho. Anausefa, anautenthetsa pang'ono, n'kukaupereka. Profesa anavala magolovesi movutikira, zala zikukana kulowa, anathira msuzi pa maselo ake, anaika botolo pa shelefu ya pamwamba m'chofungatira n'kumatapo pepala loti osakhudza. Msuzi womwewo wotsalawo Wamanzere anathira pa maselo ake, Adazi akuona. Masiku otsatira profesa anali kalikiliki kuloweza zolankhula pagalasi ndi kuyesa suti. Botolo lake sanaliyang'anenso. Ndadziwa kale anamanga nyumba yopanda khomo.

Tsiku lija linafika. Chipinda chinadzaza, mkulu wa Wamanzere ali pa mpando wa kutsogolo mu diresi yake yatsopano, mwana atamusiya ndi mayi wina wa shopu yoyandikana. Alendo ankatsogoleredwa ndi mayi wamtali wa magalasi, katswiri amene anathera moyo wake pa kamchira komweko ka histoni, wosaseka wamba. Profesa analankhula bwino, zimenezo tisamumane. Anaonetsa mizere yake yakuda. Ananena kuti zotsatira zoyamba za pa labuyo zinachokera m'manja osazolowera, ndipo zinatengera diso lake kuti choonadi chioneke. Ananena mawu akuti ndekha kambirimbiri mpaka Adazi anayamba kuyang'ana nsapato zake. Wamanzere anakhala kumbuyo, manja pamiyendo, mtima ukugunda pang'onopang'ono ngati wa munthu wodikira basi yomwe akudziwa kuti ibwera.

"N'zodabwitsa," anatero mayi wa magalasi anthu atatha kuomba m'manja. "Zikutsutsana ndi zonse zomwe ife tinaona. Tingawaone maselowo?"

"N'chifukwa chake ndinawadzutsa," anatero profesa. "Tiyeni."

Anthu onse anakhamukira m'labu, ngakhale mkazi wake anapatsidwa gawuni. Profesa anatulutsa botolo lake ngati akunyamula khanda, analiika pa maikulosikopu yolumikizidwa ku sikirini yaikulu, n'kupotokola kuti zioneke.

Pa sikirini panaoneka zinyalala. Maselo anali atafota, atazuka pansi pa botolo, akungoyandama m'timagulu ngati matope a pansi pa ndowa. Anasuntha botolo uku, chimodzimodzi. Anasunthira uko, chimodzimodzi. Lamoyo panalibe ndi limodzi lomwe.

Khosi la profesa linatupa m'kolala. Anatembenuka, chala chili patsogolo. "Ndi uyu! Msuzi anakonza ndi uyu! Wandithirira chiphe dala chifukwa cha nsanje. Mwana wopanda mwambo, ndinakutola ndine!"

Akanangokhala chete bwenzi zitathera pa maselo akufa, poti maselo amafa pa labu iliyonse. Koma anamuitana yekha, ndi pakamwa pake. Wamanzere anadutsa pakati pa anthu osafulumira, anatsegula chofungatira, anatenga botolo la pa shelefu ya pansi.

"Poizoni ndinathiramo, aprofesa, monga munandiuzira, mlingo wake weniweni. Adazi analipo. Wotsala ndinamwetsa awa tsiku lomwelo. Mundilole."

Anachotsa botolo la profesa ndi dzanja lamanzere n'kuikapo lake. Sikirini inadzaza maselo, oyalana bwino, owala m'mbali, ena ali pakati pogawikana.

"Zoona," anatero Adazi ndi mawu aang'ono. "Botolo la msuzi ndi limodzi. Ndinaona."

Mayi wa magalasi anayandikira sikirini. "Maselo opirira poizoni ndi osinthidwa. Awa anachokera kuti?"

"M'bokosi lomwelo, mayi. Mbali ya kumanzere. Aprofesa anandipatsa pamaso pa labu yonse kuti ndi wamba, ndiziphunzirira manja."

"Bokosilo anasanja ndani?"

"Ine. Maselowa ndinapanga ndine."

"Ndipo posanja mumayambira kuti?"

Wamanzere anangokweza dzanja lake lamanzere, lili m'golovesi.

Mayiyo anayang'ana dzanjalo, anayang'ana chikwangwani chomwe chinapachikidwa pakhoma, n'kuvula magalasi. Aliyense wa ntchitoyi m'chipindamo anamvetsa nthawi yomweyo. Wina kumbuyo anati "mayo" chapansipansi.

"Ndiye kuti mizere yanu yazondoka, aprofesa," anatero mayiyo. "Chidindo chimazimiririka, monga ananenera adokotalawa. Mwatsekera maselo wamba m'firiji ndi kiyi, ndipo mwatumiza pepala lonena zosiyana ndi zomwe zili m'botolo. Musanalembe, simunafunse mwini bokosi?"

Thukuta linadutsa pa suti yatsopano ya profesa m'khwapa monse.

"Pepalalo mulibweze lero," anapitiriza mayiyo. "Za dzina la pamwamba tikambirana ndi akuluakulu anu. Adokotala, muli ndi zotsatira zanu zoyamba zija? Tikufuna timve kwa inu. Tiyeni tibwerere m'chipinda muja."

Zinamukomera Wamanzere, tisabise. Zinamukomera ngati madzi ozizira pa tsiku la dzuwa. Anaima pomwe panaima mlamu wake, analankhula za zaka zake zonse, za maselo akufa ndi a nkhungu ndi awa amoyowa, mawu osanjenjemera. Profesa anakhala pakona atagwira chibwano, ulendo uno wopanda womujambula. Chinthu chimodzi chokha Wamanzere anapewa kuyang'ana. Mpando wa kutsogolo uja unali wopanda munthu, gawuni yoyera itapindidwa bwinobwino pamwamba pake.

Ataweruka anapita ku shopu. Anapeza chikwama cha mwana chili pakhomo, chodzaza: matewera onse, mabotolo onse, kabulangeti, ngakhale kachidole ka nsalu komwe amayi ake aakuluwo anamusokera. Mwana anali mtulo pa tebulo lodulirapo nsalu. Mkulu wake anali atavula diresi ija, ali pa makina, akusoka msoko wautali osadzutsa mutu.

"Unadziwa liti?" anafunsa makina ataima.

"Tsiku lomwe ndinabwerera kuntchito."

"Ndiye m'mawa uliwonse unkalowa muno, n'kundipatsa mwana m'manja, n'kumaona ine ndikusoka suti ija."

"Suti munasoka bwino, achemwali."

"Usandiyankhe choncho!" Mkulu wakeyo anamenya tebulo, mabobini n'kugubuduka. "Ine ndiye ndikudziwa kuti iwe umayambira kumanja. Mbale zanga zomwe umandisanjira mozondoka mpaka lero. Ukanandinong'oneza ine, ine n'kukawauza kuchipinda, bwenzi zitatha popanda wamva. Wawavula pagulu amuna anga. Wandivula ine."

"Ndinabwera kudzanena. Munali mutagwada apo, mapini ali pakamwa. Ndinakuonetsani dzina langa pansi pa chikwangwani, inu munati dzina sadya. Munati ndinalakwitsa ndine, ndizithokoza. Simunandifunse n'komwe ngati n'zoona."

"Ndinakulera ine."

"Munandilera, ndipo sindidzaiwala. Koma simunandilerere kuti ndizikonza msuzi."

Dzanja la mkulu wake linagwera pa lula yaitali ya matabwa yoyezera nsalu. Anaigwira, anayang'ana dzanja lamanzere la mng'ono wake lomwe linali litatsamira pa tebulo. Wamanzere sanalichotse. Kenako mkulu wakeyo anaika lula pansi n'kubwerera pa makina.

"Mawa upeze wina wokusungira mwana. Ndipo pakhomo panga usadzapondepo mpaka ndidzakuitane."

"Mudzandiitana?"

Makina anayamba kulira, ndipo yankho linali lomwelo.

Anabereka mwana, ananyamula chikwama. M'basi analira, misozi yeniyeni, mpaka mayi wina woyandikana naye anamufunsa ngati kwagwa zovuta. Zinamupweteka kwambiri, chifukwa pa dziko lonse munthu amene ankafuna kuti amuombere m'manja tsiku limenelo anali telala uja. Koma atadzifunsa mumtima ngati akanabweza tsikulo kuti likhale mwina, mtima unayankha msanga kuti ayi, ngakhale pang'ono.

M'mawa mwake anasiya mwana kwa mayi wa nyumba yoyandikana, akulira chifukwa cha nkhope yachilendo, n'kupita ku labu maso ali otupa. Chitseko cha ofesi ya profesa chinali chotseka. Chikwangwani chinali chitachotsedwa pakhoma, patangotsala timisomali. Adazi anamupatsa moni ataimirira, chinthu chomwe anali asanachitepo.

Maselo anali atadzaza botolo, akufuna kugawidwa. Anawagawa, ena n'kuwaika m'timachubu toti aumitse, kuyambira kumanja monga mwa masiku onse. Kenako anatenga cholembera. Pa kachubu koyamba analemba kuti osinthidwa, pansi pake n'kulemba dzina lake lonse, dzanja ataliimika m'mwamba kuti lisakhudze. Anakagwira pafupi ndi kamwa n'kumauzira mpweya mpaka inki inauma. Anayesa kupukuta ndi chala, sizinachoke, ndipo anatenga kachubu kachiwiri.